Kuloza dishi kuno ku chigwa: app ya pa foni, kamita kolira, kapena dikoda yomweyo?

Anzanga amene mumakwera pa malata kumanga madishi kuyambira ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje, zida zitatu izi anthu amakangana nazo ngati zimagwira ntchito imodzi, pamene ayi ndithu.

Setilaiti ya TV imakhala pamwamba pa equator, makilomita 35,786, ndipo imazungulira limodzi ndi dziko, nchifukwa chake dishi ukaimanga bwino suisunthanso. Omwe timasaka ndi ma angle atatu: azimuth, mbali yomwe dishi iyang'ane tikawerenga kuchokera kumpoto, elevation, kukweza kwake, ndi skew, kapotozedwe ka LNB, kachida kokhala kutsogolo kwa dishi kolandira signal kaja. Kuno tili cha pa madigiri 16 mpaka 17 kummwera kwa equator, ndiye setilaiti ya Eutelsat ya pa 36°E (nambalayi ndi malo ake pamwamba pa equator), yomwe DStv imagwiritsa ntchito mmaiko ambiri a mu Africa, ili pafupifupi kumpoto kwenikweni komanso mmwamba kwambiri, elevation cha mma 70, LNB pafupifupi chilili. Intelsat 20 ya pa 68.5°E, ya DStv ya ku Joni ndi machanelo aulere aja, ndi nkhani ina: azimuth cha mma 66 kapena 67, elevation cha mma 47, ndipo LNB imafuna kupotozedwa kwambiri, madigiri ngati 60.

App ya pa foni ndi katswiri pa manambala amenewa, GPS ikangogwira yakuwerengera kale. Ina imakuonetsa pa kamera pomwe setilaiti ili, ndiye umadziwiratu ngati mtengo wa masau kapena mlambe wa aneba utchinge musanaboole khoma la eni ake. Vuto ndi kampasi ya mufoni, ukaifikitsa pafupi ndi malata kapena paipi ya dishi imapenga, mpaka madigiri angapo, pamene dishi ya masentimita 90 imaona kampata ka madigiri awiri okha basi. Onjezerani kuti kumpoto kwa kampasi sikufanana ndendende ndi kumpoto kwenikweni. Komanso dzuwa la Okotobala kuno mukulidziwa, foni imatentha nkuzima screen muli pakati pa ntchito. Ndiye werengerani manambala muli pansi, patali ndi zitsulo, sankhani chizindikiro ngati mtengo kapena polo ya magetsi, kenako kwerani.

Apa pali msampha wina omwe app siikuuzani. Madishi athu ambiri ndi a offset, nkhope yake imayang'ana pansi ndi madigiri 20 ndi kuposerapo kusiyana ndi komwe ikulandirako. Mukagoneka foni pa dishi nkuikweza mpaka iwerenge 47, mwadutsa kalekale. Tsatirani manambala olembedwa pa bulaketi kumbuyo, bola paipi ikhale yowongoka, ikapendekeka nawonso amanama.

Kamita kotchipa kokhala ndi singano, kolira tswiii kaja, ine sindikakhulupirira kwenikweni. Kamalira pa setilaiti iliyonse, ndipo kumwambako zandandana zambiri pamzere umodzi, ndiye mutha kumanga mabawuti mokondwa muli pa ina yolakwika. Ubwino wake kamayankha pompopompo, osadikira.

Dikoda ndi yochedwa, ukasuntha dishi uyenera kuima kaye masekondi angapo, ndipo ngati TV ili mnyumba mumangokuwirana ndi mwana pawindo kuti "yakwera? yatsika?" Koma ndi yokhayo pa zitatuzi yomwe imakuuzani zoona, chifukwa imaonetsa quality, kuyera kwa signal ya setilaiti yomwe mukufunayo. Strength, yomwe ndi mphamvu chabe ya signal, ikhoza kukhala pamwamba dishi itayang'ana ku Mozambique kopanda kanthu, imangosonyeza kuti waya ndi LNB zili moyo. Quality ikadzuka ndiye kuti mwaigwira yeniyeniyo. Ndipo skew ya pa 68.5 ija simungaikonze bwino ndi kulira kwa kamita, mpaka muone quality ikukwera uku mukupotoza LNB pang'onopang'ono. Amene amasiyira quality pamalire ndi omwe amaimbiridwa foni mvula ikangoyamba mu Disembala, poti ma signal a Ku band, omwe madishi athuwa amalandira, mvula yamphamvu imawafooketsa.

Ngati ndi dishi ya pakhomo panu, app ndi dikoda zakwana, kamita musataye nako ndalama. Amene iyi ndi bizinesi yanu, sungani ndalama mugule mita ya digital yoonetsa quality ndi chithunzi padenga pomwepo. Pomanga mabawuti muzisinthana mbali pang'onopang'ono diso lili pa quality, chifukwa mukalimbitsa mbali imodzi kaye dishi imakokeka nkuchoka pomwe munaipeza.