Tebulo la mabuku oopsa pafupi ndi Copacabana, kwa amene muli ndi ana aakazi

Abale a kuno ku Harare, makamaka a ku Dzivarasekwa, ndati ndikuuzeniko za tebulo lina la mabuku akale lomwe lili kufupi ndi renki ya Copacabana, mukatsika kombi simuyenda mtunda ayi. Si shopu, ndi tebulo basi ndi makatoni atatu pansi pake, ogulitsa ndi amayi ena achikulire ndithu. Tinayamba kucheza m'Chishona koma foni yanga italira n'kuyankha m'Chichewa anandiyang'ana kenako akuti agogo awo aamuna anachokera ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya, cha m'ma 1950 umo, Chichewa amamva chonse kungoti kuyankha kumawavuta. Kuyambira tsiku limenelo amandilonjera kuti muli bwanji achemwali.

Ndinapitako chifukwa cha mwana wa achimwene anga amene ndimakhala naye, ali Fomu 3. Mwanayu amakonda nkhani zoopsa zedi ndipo poyamba ine sindinkafuna n'komwe, ndinkati zimubweretsera maloto oipa komanso anthu a ku tchalitchi atiyesa chiyani. Koma temu yathayi anayambana ndi mnzake wa ponda apa nane ndipondepo, nkhani yake ya pa gulu la WhatsApp, nde anangokhala duu m'nyumba, kusukulu kupita yekha kubwera yekha, ndipo njira yathu ija imadutsa m'minda ya chimanga moti chikakula mtima wanga sukhala m'malo mpaka ndimve geti ikutseguka. Ndinati bola ndimupezere chowerenga choti achikonde.

Amayi aja mabuku awo amawadziwa, apa mpomwe andigwira mtima. Nditati ndikufuna oopsa a mtsikana wa zaka 15 sanangonditola lililonse, anandifunsa kuti kodi mwanayo amakonda zoti wina atsale yekha kumapeto kapena zoti apulumuke ndi anzake? Ine funso limeneli sindinaliganizirepo chibadwire. Nde anatulutsa milu iwiri.

Mulu woyamba ndi akale aja ang'onoang'ono a zikuto zakuda, a Point Horror a kampani ya Scholastic komanso a Fear Street a R.L. Stine, a Fear Street amenewa anayamba kutuluka mu 1989, nkhani zake zimachitikira m'tauni yopeka ya Shadyside. Awa amagulitsa dola imodzi, ong'ambika chikuto awiri dola. Amawerengeka msanga, Chingerezi chake chosavuta, mwana wa Fomu 1 atha kumaliza limodzi Loweruka lokha. Koma ndinawawerenga ndekha kaye usiku magetsi atazima ndi tochi ya pa foni, ndipo chomwe sichinandisangalatse n'choti m'mabuku angapo amene ndinatenga woipa uja kumapeto amapezeka kuti ndi munthu wapafupi, pena mnzake weniweni wa mtsikana wa m'nkhaniyo, chifukwa chake nsanje, kulimbirana mnyamata. Mwana woti wangoyambana kumene ndi mnzake n'kumupatsa buku lomuuza kuti mnzako ndi amene akubisira mpeni? Ayi ndithu, amenewo ndinawasunga kaye m'sutikesi.

Zoti mtsikana mmodzi yekha ndi amene amatsala anzake onse atafa zili ndi dzina lake kunjako, amati final girl. Anatchukitsa dzinali ndi mphunzitsi wa pa yunivesite ya Berkeley ku America, Carol J. Clover, m'buku lake la mu 1992 lofotokoza za mafilimu oopsa. Mtsikana wake amakhala wochenjera, wodziletsa, nde amapulumuka poti iyeyo ndi wosiyana ndi anzake. Ine zimenezi zimandiwawa, kupulumuka kwanji koti ukafika kunyumba ulibe woti umuuze zomwe waona, onse amene akanakukhulupirira ali m'manda.

Mulu wachiwiri ndi umene ndikukulimbikitsani. Ndi mabuku a zaka zaposachedwa, okulirapo, madola atatu kapena anayi, ndipo alipo ochepa nde amatha msanga. Limene linandikhudza kwambiri ndi la atsikana anayi amene chinthu chikuwasaka m'nkhalango usiku, awiri mwa iwo sakuyankhulana chifukwa cha chinsinsi chimene wina anaulula. Pakati pa nkhani mmodzi wabinya mwendo sangathe kuthamanga, ndipo amene akubwerera kukamubereka kumsana ndi yemwe uja anayambana naye, akumutukwana uku akumunyamula, misozi ili chuchuchu. Wolembayo sanawapange kukhala angelo, amanamizana, amachitirana kaduka, mmodzi ndi wamantha moti amakwiyitsa. Koma akamagona amasinthana kulondera, kamadzi kotsala amagawana, ndipo akulu akulu akakana kuwakhulupirira iwo amakhulupirirana okhaokha. Mbali ya akulu osamvayi inandilasa mtima chifukwa ndi zoona, mwana wamkazi akati bambo uje amandiyang'ana moipa pa shopu paja ife timafulumira kunena kuti usamaganize zopusa, woyamba kumumvera amakhala mnzake.

Ndikuwerenga ndinakumbuka agogo anga akutiuza nthano madzulo, padangotero, ife tili tonse. Ija ya mtsikana wokana amuna onse amene anakakwatiwa ndi fisi wodzisandutsa munthu, amene anamupulumutsa ndi kamlongo kake konyozeka kaja kamene ankakathamangitsa kuti kasamutsatire, iko n'kumene kanali maso usiku afisi akuzungulira nyumba. Nthano imeneyo inkatiopsa kuposa buku lililonse pa tebulo lija ndipo palibe anati ndi zauchiwanda. Nde mantha anga aja a poyamba anatha pamenepo.

Zolakwika ziliponso, ndisabise. Nthawi ya mvula amangofunditsa pulasitiki nde mabuku a m'katoni ya pansi amanunkha chinyezi, masamba ena omatana. Limodzi ndinafika nalo kunyumba masamba omaliza mulibe, buku loopsa lopanda mathero tangoganizani, ngakhale nditabwerera anandisinthira opanda vuto. Chachikulu n'chakuti sasiyanitsa a ana ndi a akulu bwinobwino, m'mulu wachiwiri uja munalowa lina loti muli nkhani zogwiririra zolembedwa poyera kwambiri, loti mwana wa zaka 15 sangawerenge yekha. Ndinawauza ndipo analichotsa pomwepo, koma inu muzitsegula kaye musanapereke kwa mwana. Chenji nayonso imavuta, tengani madola osinthasintha kapena mulipire pa EcoCash. Komanso zimandidandaulitsa kuti pa tebulo lonse palibe ngakhale limodzi la atsikana a kuno, zonse ndi nkhalango za ku America ndi nyumba za kumalo a chipale chofewa, pamene Mbare, Epworth, hositelo za sukulu zogonera konko, nkhani zake zoopsa zilipo zodzadza dengu.

Mukamaliza kuwerenga mutha kubweza buku n'kuwonjezera pang'ono kuti mutenge lina, ife tasinthitsa kale kanayi. La atsikana anayi lija lokha silinabwerere. Mwana wanga analimaliza masiku awiri, kenako Lachisanu lina anandifunsa kuti azakhali ndingabwereke munthu bukuli? Sindinafunse kuti ndani. Sabata yotsatira ndili pakhonde ndinawaona akutulukira m'njira ya m'chimanga ija ali awiri, akukangana mokweza za amene analakwa pakati pa atsikana a m'bukumo.

Pitani m'mawa, ikamakwana 4 koloko amakhala ayamba kulongedza. Ndawapempha kuti akapeza ena a mtundu umenewu azindisungira awiri, otsalawo ndi anu.