Makombi a ku Mabvuku: ikafera panjira, dola yako yapita

Makombi (maminibasi) a ku Mabvuku onyamukira pa Fourth Street mumzinda wa Harare ndimawayamikira pa chimodzi: sachedwa kudzaza. Koma Lachiwiri kombi yathu inafera pa Msasa, hwindi (kondakitala) n'kungoti, "Tsikani amayi, ikubwera ina." Dola yanga osabweza, inayo tinalipiranso. Tikiti sapereka, ndiye ukadandaule kwa yani?

Achemwali anga a ku London akuti sitima yapansi panthaka ikachedwa mphindi 15, Transport for London, yomwe imayendetsa sitimazo, imabweza ndalama ukapempha, komabe anthu kumeneko amakalipa ndithu. Ife tinangoti ndwii m'mbali mwa Mutare Road, agogo ena atasenza thumba la ufa. Mvula ikagwa madzulo, mtengo nawo umakwera pomwepo. Pokwera muzisunga dola ina m'thumba.