Benchi ya agogo ku Mbare: ndapitako, ndipo nayi ndemanga yanga

Kwa anzanga okhala ku Harare amene mtima ukukuimbani mlandu usana ndi usiku, kafunseni za Friendship Bench pa kiliniki ya khonsolo. Salipiritsa. Ndi benchi yathabwa panja pa kiliniki, pomwe mumakhala ndi agogo ophunzitsidwa kumvetsera. Anaiyambitsa ndi Dr Dixon Chibanda mu 2006, konkuno ku Mbare, ndi agogo 14 okha.

Ine chinandipititsa ndi maliro a amayi ku Ntcheu. Anatisiya pasipoti yanga itatha, ya basi ndilibe, mpaka anaikidwa ine kulibe. Kuchokera pamenepo foni ya achemwali ndinkangoiyang'ana ikulira. Ndikanawauza chiyani?

Poyamba amakufunsa mafunso 14, za tulo, kulira ndi kuganiza kwambiri. Kucheza kwake n'kwa m'Chishona, choncho wongofika kumene kuchokera kumudzi adziwiretu zimenezo.

Chomwe ndawayamikira kwambiri n'chakuti agogo aja sanathamangire kundipepesa. Anzanga akutchalitchi ankati ndingoiwala, zinali za Mulungu, koma mawu amenewo ankangondiwonjezera katundu. Agogowa anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anati titchule mavuto onse limodzilimodzi, ndisankhe limodzi loti ndingalithe. Apa m'pomwe ndinaona kuti ndasenza zinthu ziwiri. Kusapita kumaliro kunapita, sikubwereranso. Koma kubisala abale, kudziona ngati mwana wachabechabe wosayenera kulankhula pabanja, chimenecho chinali chikadali m'manja mwanga. Ndinasankha chimenecho. Sanandiuze chochita ayi, amangofunsa: muyimba liti, muyamba ndi mawu ati, akakwiya mutani?

Ndinayimba Lamlungu. Achemwali anandikalipira ndithu, ndipo anali ndi chifukwa. Atatha anafunsa ngati ndidzasonkhe nawo ya simenti ya chiliza. Ndikusonkha pang'onopang'ono.

Nthawi zambiri mumakumana mpaka maulendo 6, ndipo amene ali ndi maganizo ofuna kudzipha amamutumiza kwa anamwino. Mankhwala pabenchi palibe. Palinso gulu lotchedwa Circle Kubatana Tose, komwe omwe anadutsa pabenchi amacheza uku akuluka zikwama. Kumeneko sindinayambe, singano ndi ine sitimvana, koma mayi wina wa pamzere pathu pamsika sajomba.