Henry Cecil kapena Aidan O'Brien: bandulo yanu muithere pa ndani?

Ife a ku Mzuzu amene timaonera mipikisano ya mahatchi pa foni, mwezi wathu ndi June. Kuno kumakhala kukuzizira, ku England kukuchitika Derby ya ku Epsom kenako Royal Ascot, ndipo timaonera masana ndithu chifukwa nthawi yathu imangotsogola ndi ola limodzi. Anzathu amene angoyamba kumene, kaya ku Katoto kaya ku Luwinga, amafunsa kuti popeza bandulo ndi yodula, ayambe kutsata mphunzitsi wa mahatchi uti. Mayina amene timakanganirana ndi awiri: malemu Sir Henry Cecil ndi a Aidan O'Brien.

Tikangowerenga zikho, mlandu sutalika. A O'Brien, amene anabadwa mu 1969 ku Wexford m'dziko la Ireland, akhala ali pa khola la Ballydoyle kuchokera mu 1996. Pofika 2024 anali atapambana Derby ka 10, pomwe a Cecil anaipambana ka 4. Mu 2017 mahatchi a O'Brien anapambana mipikisano 28 ya Group 1, imene ndi yapamwamba kwambiri, m'chaka chimodzi chokha. Mu 2016 pa Prix de l'Arc de Triomphe ku France, hatchi yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu zonse zinali zawo: Found, Highland Reel ndi Order of St George.

Kumbuyo kwawo kuli famu ya mahatchi ya Coolmore, ya a John Magnier ndi anzawo, imene imabereketsa mahatchi a mtundu wabwino ndi kuwatumiza ku Ballydoyle chaka ndi chaka. Ena amati pamenepo aliyense akhoza kupambana. Ine ndimakana. Mbewu yabwino siidzilimira yokha, ndipo a O'Brien anaonetsa kale luso lawo pa mipikisano yodumpha, pamene hatchi yawo Istabraq inatenga Champion Hurdle katatu kotsatizana kuyambira 1998. Komanso a Cecil nawo sanachokere pa umphawi. Bambo awo owapeza ankaphunzitsa mahatchi a Mfumukazi, ndipo khola la Warren Place ku Newmarket analilandira kwa apongozi awo a Noel Murless. Onse awiri anayamba ndi poyambira. A Cecil anakhala katswiri wa aphunzitsi ku Britain ka 10, napambana mipikisano 25 ya Classic, ikuluikulu ya mahatchi a zaka zitatu, kuphatikizapo Oaks ka 8.

Amasiyana pa zimene zinachitika zinthu zitavuta. Mu 1995 Sheikh Mohammed wa ku Dubai, mwini mahatchi ambiri, anachotsa mahatchi ake kwa a Cecil. Mu 2000 mapasa anzawo, a David, anamwalira ndi khansa. Eni mahatchi ena anakalamba, ena anamwalira, khola linayamba kukhala pululu, moti mu 2005 munthu amene ankapambana mipikisano yoposa 100 pachaka anangopambana 12 yokha. Kenako nawonso anapezeka ndi khansa ya m'mimba. Anthu ambiri anati atha. Koma mu 2007 hatchi yawo Light Shift inapambana Oaks, ndipo Prince Khalid Abdullah, mwini mahatchi amene sanawataye, anawapatsa kamwana ka hatchi kotchedwa Frankel.

Apa ndi pamene ndimafuna woyamba kumene aimepo, chifukwa ntchito ya mphunzitsi imaoneka ndi maso. Frankel inali yaliuma, yofuna kuthamanga ndi mphamvu zonse chiyambireni. Onerani mpikisano wotchedwa 2000 Guineas wa mu 2011: inatuluka ngati yalumidwa, nisiya anzake kutali mpikisano usanafike pakati, ndipo inapambana ndi mpata wokwana mahatchi 6 ondondozana. Zinali zokoma kuona, koma hatchi yotere imadzitha msanga. A Cecil sanaipititse ku Derby chaka chimenecho ngakhale anthu ankafuna. Anaisunga pa mtunda wa mailosi imodzi (makilomita 1.6), waufupi kuposa wa Derby, akuiphunzitsa kudekha pambuyo pa mbale wake Bullet Train, amene ankaitsogolera. Mu August 2012 ndi pamene anaiyesa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2 ku York, ndipo wokwera wake Tom Queally anangokhala phee pamsana mpaka nthawi yoimasula. Tsiku limenelo a Cecil anabwera atawonda, mawu akungonong'ona. Frankel inathamanga ka 14, inapambana ka 14. Iwo anamwalira mu June 2013.

Okonda a O'Brien ali ndi poyankha, ndipo si pachabe. Amati Frankel sinatulukepo mu England, pomwe a O'Brien amatumiza mahatchi ku America, ku France, ku Australia osaopa kugonja. Amakumbutsanso kuti bambo wa Frankel ndi Galileo, hatchi imene a O'Brien anapambana nayo Derby yawo yoyamba mu 2001. Zoona zimenezo. Koma pamene makola awiriwa anakumana pa Queen Anne Stakes ku Ascot mu 2012, Excelebration ya a O'Brien, hatchi yabwino ndithu, inatsala ndi mpata wa mahatchi 11.

Pa nkhani ya bandulo, a Cecil ndi otchipa. Mbiri yawo inatsekeka, mpikisano wa mailosi imodzi sufika mphindi ziwiri, ndiye mipikisano yonse ya Frankel mutha kuionera pa YouTube madzulo amodzi. A O'Brien akadali pantchito, choncho kuwatsata kumafuna kudzipereka sabata ndi sabata, ndipo amasokoneza woyamba kumene chifukwa amalowetsa mahatchi angapo mu mpikisano umodzi. Ambiri amayang'ana imene wakwera Ryan Moore, wokwera wamkulu wa kholali, koma mu Derby ya 2017 Moore anakhala wachiwiri pa Cliffs of Moher, nipambana Wings of Eagles ya khola lomwelo imene anthu sankaiwerengera.

Ine ndimati yambani ndi a Cecil. Onerani Guineas ya 2011 ndi York ya 2012 motsatizana, maso anu akhale pa mutu wa hatchi ndi manja a wokwera m'mamita oyambirira. Mukaona kusiyanako, tsegulani Arc ya 2016 ndipo muyese kutsata mahatchi atatu a Ballydoyle nthawi imodzi.