Za al-Shabaab mu Nairobi: zoyenera kudziwa musananyamuke

Abale kumudziko, wina akati akubwera ku Nairobi kudzaphunzira, kudzalandira chithandizo kapena kudzaoda katundu, funso loyamba limakhala la zigawenga. Gulu lomwe limasowetsa mtendere kuno ndi al-Shabaab ya ku Somalia, yomwe imagwirizana ndi al-Qaeda. Mkwiyo wake pa Kenya unakula asilikali a dziko lino atalowa m'Somalia mu Okutobala 2011.

Ziwembu zikuluzikulu mumzinda muno sizichitika pafupipafupi, koma zikachitika zimakhala zoopsa. Pa 21 Seputembala 2013 anthu amfuti analowa mumolo ya Westgate ku Westlands, napha anthu 67, ndipo nkhondo yake inatha masiku anayi. Pa 15 Januwale 2019 analowa pa hotelo ya DusitD2 ku 14 Riverside Drive, anthu 21 n'kutaya miyoyo. Musaganize kuti amangofuna malo a anthu olemera okha. Mu Meyi 2014 mabomba anaphulika m'mabasi pa Thika Road komanso pa msika wa kaunjika wa Gikomba.

Chomwe mudzakumane nacho tsiku ndi tsiku ndi kusechedwa. Pakhomo la molo, banki, chipatala, ngakhale matchalitchi ena, mlonda amakupimani ndi kachipangizo kozindikira zitsulo, chikwama amachitsegula kapena kuchiika m'makina. Galimoto amaitsegula kumbuyo, n'kuyang'ana pansi pake ndi kalilole wa pa ndodo. Musakangane nawo, ndipo chikwama musachisiye chokha ngakhale kwa mphindi imodzi. Kujambula zipata za nyumba za boma, ofesi za akazembe kapena apolisi ali pa ntchito kungakugonetseni m'chitolokosi.

Mapepala ndiwo amagwetsa alendo ambiri m'mavuto. Chiwembu chikachitika, apolisi amasesa madera. Mu Epulo 2014, pa ntchito ya Usalama Watch, anagwira anthu ochuluka ku Eastleigh, komwe kumakhala Asomali ambiri, n'kukawasunga pa bwalo la masewero la Kasarani kuti awafufuze. Eastleigh yomweyo ndi komwe ochita geni amakapeza zovala zotchipa. Yendani ndi pasipoti yokhala ndi chidindo chomwe masiku ake sanathe, chithunzi chake chikhale mufoni, china mutumize kwa m'bale kumudzi.

Mukamva kuphulika kapena mfuti, musathamangire pawindo kukaonerera. Pa 7 Ogasiti 1998, al-Qaeda itaphulitsa ofesi ya kazembe wa America pakati pa tauni, phokoso laling'ono linayamba kumveka pachipata, anthu m'maofesi oyandikana n'kupita m'mawindo kukaona. Bomba lenileni litaphulika, magalasi anawathera kumaso, ena n'kuchita khungu. Anafa anthu 213, ovulala anaposa 4,000. Mwayi wothawa ukapezeka, siyani katundu, tulukani mbali yosiyana ndi komwe kukumveka mfuti. Chikepe musakwere, magetsi akazima mutsekeredwamo. Kothawira kukasowa, lowani m'chipinda chokhoma, tsamizani matebulo pachitseko, gonani pansi kutali ndi chitsekocho, foni muitseke mawu. Ku Westgate ndi ku Dusit komwe ambiri anapulumuka pobisala kwa maola ochuluka. Apolisi akafika, tulukani manja ali m'mwamba, opanda kanthu, chifukwa panthawi imeneyo sadziwa kuti chigawenga ndi uti.

Inu a kumudzi, mukamva pa wailesi kuti kwavuta, musamuimbire m'bale wanu mobwerezabwereza. Foni yolira ikhoza kuulula pomwe wabisala. Mutumizireni uthenga umodzi, kenako dikirani. Iye amene ali kuno asunge 999 kapena 112 ya apolisi, ndi 1199 ya Kenya Red Cross.

Chiopsezo chachikulu masiku ano chili kumalire ndi Somalia, ku Mandera, Wajir, Garissa ndi Lamu, komwe zigawenga zimakwirira mabomba m'misewu ndi kuimitsa mabasi. Ku yunivesite ya Garissa anapha anthu 148 pa 2 Epulo 2015, ambiri mwa iwo ophunzira. Wina akakupezerani ntchito yauphunzitsi kapena ya zomangamanga kumeneko, funsani kaye chifukwa chake malowo akusowa munthu.