Sitolo ya ku Kapata imene inakana kudula mlomo wa tambala wanga

Ndimaweta nkhuku kufupi ndi Msekera ku Chipata m'dziko la Zambia, ndipo mu Okutobala chaka chatha, dzuwa litafika poswa mtengo, misoti yanga inayamba kujomphana mpaka kutulutsana magazi. Inkayamba ndi kuzulana nthenga za kumchira, ndipo umodzi ukangooneka ndi kabala kofiira, inzake yonse inkauunjirira, moti m'sabata imodzi ndinataya misoti itatu. Mnzanga wina anandilozera sitolo ya mankhwala ndi zakudya za ziweto pafupi ndi msika wa Kapata, imene imatumizanso munthu kukadula milomo ya nkhuku pakhomo. Ndinapita kumeneko nditatsimikiza mtima kuti adule khola lonse, kuphatikizapo tambala wanga wamkulu wa mtundu wa Black Australorp, amene anali atathothola nthenga pakhosi pa mathadzi angapo.

Bambo amene amaona za ziweto m'sitoloyo sanathamangire kulandira ndalama. Anandifunsa msinkhu wa nkhuku, kukula kwa khola ndi chakudya chimene ndimazipatsa, kenako anati, "Amayi, nkhuku zazikuluzo sindingazidule, ndipo tambalayo musamukhudze n'komwe." Ataona kuti sindinakhutire, anatenga mwanapiye m'katoni, nawalitsa tochi ya foni kuseri kwa kamlomo kake. Ndinaona ndi maso anga kuti kansonga kokha ndiko kanali kotuwa, pamene kwina konse kunali kofiirira chifukwa cha magazi oyenda m'katimo.

Apa ndipo ndinamvetsa chimene ndinkachiphonya zaka zonsezi. Mlomo wa mbalame si chikhadabo chakufa ayi. M'kati mwake muli fupa, kunja kwake kuli chikamba cholimba chopangidwa ndi keratin, monga zikhadabo zathu, chimene chimakula moyo wonse n'kumaperepeseka pamene nkhuku ikutola chakudya pansi, ndipo pakati pa ziwirizi pali mnofu wamoyo wodzaza ndi mitsempha ya magazi ndi minyewa yomvera. Kunsonga kwenikweniko n'kumene nkhuku imakhudzira zinthu monga ife timachitira ndi zala, n'kusiyanitsa njere ya mapira ndi kamwala. Popeza mbalame ilibe mano, mlomo umangosankha ndi kutola, ndipo ntchito yopera imachitika m'nthutumba. Anandifotokozera kuti nkhuku ikadulidwa itakula, minyewa yodukayo imapola mopanga timfundo timene timatha kupweteka kwa nthawi yaitali, n'chifukwa chake iye amadula anapiye osapitirira masiku 10 okha, ndiponso sachotsa zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mlomo wam'mwamba.

Za tambala anazilankhula mofatsa kwambiri. Tambala akamakwera thadzi amaluma nthenga za kumbuyo kwa khosi kuti asagwe, ndiye ukamufupikitsa mlomo amaterereka, ndipo mazira ambiri amangosukusa osaswa. Ndi mlomo womwewo amatola njere n'kuigwetsa kangapo konse uku akuitana mathadzi ndi kaliwu kake kaja, ndipo ndi womwewonso amafinya mafuta pa kachotupa ka pamwamba pa mchira n'kudzoza nthenga zake, pochotsa nsabwe ndi tizilombo tina. Nkhuku zodulidwa milomo zimalephera kudzipesa bwino, choncho tizilomboti timazichulukira. Ndinamuuza kuti a neba anga amayembekezera kuti kudulako kuchepetsa phokoso la m'bandakucha, koma iye anandiyankha kuti liwu la tambala limachokera pansi pa kholingo, pamene njira ya mpweya imagawikana kulowera ku mapapo awiri, osati pamlomo. Pambuyo pake ndinawerenga kuti akatswiri a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan anasonyeza mu 2013 kuti tambala amalira potsatira wotchi ya m'thupi mwake ngakhale asanaone kuwala, ndipo mu 2015 anaonjezera kuti woyamba kulira m'mawa amakhala wamkulu pa atambala onse a m'khola. Zimenezi mpeni sungazisinthe.

M'malo mwa mpeni anandipatsa malangizo, ndipo sanandilipiritse. Ndinachepetsa nkhuku m'khola, ndinatchinga mazenera a kumadzulo ndi masaka, ndinasakaniza gaga ndi soya wokazinga chifukwa gaga yekha alibe chakudya chokwanira chomanga thupi, ndinapachikanso masamba a kabichi kuti zizijompha amenewo. Anandikumbutsa kuti nkhuku situluka thukuta, koma imataya kutentha mwa kuyasamula kukamwa ndi kudzera m'lipombo, choncho madzi ozizira asamasowe masana. Mathadzi othothoka khosi aja vuto lawo linali loti ndinali ndi atambala atatu pa mathadzi 14, pamene tambala mmodzi amakwanira mathadzi pafupifupi 10. Nditagulitsa awiri ku Saturday Market, kujomphanako kunatha pasanapite sabata zitatu.

Ntchito yodula yeniyeniyo ndinaiona mu Januwale, nditagula anapiye 150 oikira mazira. Sitoloyo inandiuza kuti ndiwamwetse mavitamini okhala ndi vitamini K masiku awiri asanabwere, kuti magazi aziundana msanga, ndiponso kuti ndidzadzaze zodyera kuti milomo ya zilonda isamagunde pansi. Anafika anapiye ali ndi masiku 7, atanyamula makina a magetsi okhala ndi mpeni wotentha ndi timabowo tosiyana kukula tolowetsamo mlomo. Dzanja la bambo uja n'lodekha: amagwira mutu ndi chala chachikulu, n'kukanikiza pang'ono pansi pa khosi kuti lilime libwerere m'mbuyo, n'kudula, n'kuwotcha chilonda kwa kamphindi kochepa.

Chimene sindingachibise n'chakuti magetsi anazima ali pakati pa ntchito, ndipo iwo alibe batire kapena jenereta. Tinadikira mpaka madzulo, bamboyo anaitanidwa kwina, ndipo otsalawo anamalizidwa ndi mnyamata womuthandiza, amene anachita mothamanga chifukwa kunja kunali kukuda. Anapiye anayi anawadula pafupi kwambiri ndi mphuno, moti mlomo wam'munsi unatsala wautali ngati fosholo. Lero ndi misoti yaing'ono kuposa inzake, imamwaza chakudya chambiri pofuna kutola pang'ono, ndipo ndikaiona ikulimbana ndi njere imodzi mtima umandipweteka. Sitoloyo inavomera kulakwako n'kundibwezera ndalama ya anayiwo, koma mlomo wodulidwa chotere subwereranso mwakale.

Woweta nkhuku zachikuda zoyenda pabwalo safunika ntchito imeneyi n'komwe, ndipo sitoloyo imanena zimenezi poyera. Amene ali ndi nkhuku zambiri za mazira zotsekeredwa m'khola angathe kuwaitana, koma apangane tsiku atadziwa nthawi imene magetsi amazima kudera kwawo, aumirire kuti bambo wamkuluyo adule yekha kuyambira woyamba mpaka womaliza, ndipo tambala amutsekere kutali ndi makinawo. Wanga anangomupala kansonga kakuthwa ndi tupa ya zikhadabo, ndipo mwa mazira 12 amene thadzi langa lakuda linafungatira mwezi watha, 11 anaswa pa tsiku la 21.