Kuyenda pansi m'mapiri a Radnorshire: Offa's Dyke Path kapena Glyndŵr's Way?

Radnorshire ndi boma lakale la ku Wales, la mapiri ndi nkhosa, lomwe linalowa m'boma lalikulu la Powys mu 1974. Njira ziwirizi zimakumana m'tauni yake ya Knighton, komwe sitima imafika.

Offa's Dyke Path imatsata malire a England ndi Wales, ndipo m'malo ambiri imalondola mtumbira wadothi womwe amati anaumbitsa Offa, mfumu ya Mercia, ufumu wakale wa ku England (757–796). Glyndŵr's Way imakumbutsa Owain Glyndŵr, mtsogoleri wa ku Wales amene anaukira Angerezi mu 1400.

Kutalika: ya Offa makilomita 285, masiku pafupifupi 12, ya Glyndŵr 217, masiku 9.

Mtengo: kuyenda n'kwaulere, ndalama zimathera pogona.

Zooneka: pafupi ndi Knighton mtumbira wa Offa ukuonekabe bwino, ya Glyndŵr imadzera pa mabwinja a nyumba ya amonke ku Abbeycwmhir ndi ku Machynlleth, komwe Owain Glyndŵr anachititsa nyumba ya malamulo mu 1404.

Zovuta: kumpoto kwa Knighton ya Offa ndi zikweza zokhazokha, maondo amalira. Ya Glyndŵr masitolo ndi apatalipatali, nkhungu ikagwa n'kusokera.

Woyamba kumene asankhe ya Offa. Wodziwa mapu, wofuna bata, atenge ya Glyndŵr, kamba ali m'chikwama.